Usachoke pa yunivesite mwakachetechete

Mwana wanga wokondedwa,

Kuno tilipo, ndipo mayi ako akupezako bwino pang'onopang'ono. Zimene udamuuza mlongo wako zandipeza. Akuti ukufuna kulongedza katundu, ukasake ganyu, za sukulu udzaziona ndalama zikadzapezeka. Ndikudziwa kuti ukutimvera chisoni poona kuti ntchito yanga idatha, ndipo zimene tidasungira fizi zidathera kuchipatala. Mtima umenewo ndauona ndipo ndathokoza, koma zosiya sukuluzo ndakana. Usanyamule chikwama usanakagogode ku ofesi yoona za umoyo wa ophunzira n'kupempha thandizo ladzidzidzi.

Mayunivesite ambiri amakhala ndi thumba la ndalama zothandizira wophunzira amene wagweredwa vuto pakati pa chaka. Thumbali ndi losiyana ndi sikolashipu imene amapatsa anthu okhoza bwino, ndiponso ndi losiyana ndi ngongole ya boma yolipirira chaka chonse. Ndalama zake zimakhala zochepa, zotuluka msanga, ndipo ntchito yake ndi kutseka mpata umene wabwera mosayembekezeka: amene amalipira fizi wamwalira kapena wachotsedwa ntchito, wophunzira wagonekedwa m'chipatala, akuba atenga laputopu mayeso ali pafupi, mwini nyumba akufuna lendi apo ayi atseka chitseko. Oyendetsa sukulu adaona kuti pali ana anzeru ndithu amene amasiyira panjira chifukwa cha kangongole kochepa kwambiri poyerekeza ndi zonse zimene adalipira kale. Sukulu nayonso imaluza mwana wotere akachoka, n'chifukwa chake thumbalo lidakhazikitsidwa. Mu 2020, mliri wa Covid-19 utatseketsa masukulu, boma la America lidapatula madola pafupifupi 14 biliyoni opita ku makoleji ndi mayunivesite, ndipo lamulo lake lidanena kuti theka la ndalamazo, kapena kuposerapo, liperekedwe kwa ophunzira ngati thandizo ladzidzidzi. Ngati dziko lolemera chomwecho lidavomereza kuti ophunzira ake angathe kusowa pogwira, iwe ukuchitiranji manyazi?

Manyaziwo ndi amene akundidetsa nkhawa kuposa ndalama. Ndimakudziwa. Chiyambire uli wamng'ono sunkafuna kuti wina aliyense adziwe kuti chakusowa chinthu. Ukuganiza kuti ukakalowa mu ofesi muja anthu akakuona ngati wopemphetsa, kapena kuti wayalutsa banja lathu. Anthu a mu ofesi imeneyo adalembedwa ntchito kuti azimva nkhani ngati yakoyi, ndipo amazimva tsiku ndi tsiku. Kudwala kwa mayi ako si mlandu. Kutha kwa ntchito yanga si chinsinsi choti uchibise mpaka kutaya zaka zonse zimene wavutika ndi mabuku. Ine ndakupatsa chilolezo: kanene zonse monga ziliri. Akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Popita kumeneko usapite chimanjamanja. Ofesi zotere zimakhulupirira pepala kuposa misozi, ndipo sindikuwada nazo chifukwa ndalama zimene amagawa ndi za eni ake, ayenera kudzafotokoza mmene adazigwiritsira ntchito. Utenge chiphaso chako cha sukulu, chikalata chochokera ku ofesi ya zachuma choonetsa zimene walipira ndi zimene zatsala, zotsatira za mayeso a semesita yapita, kalata yanga yothetsera ntchito ndi malisiti a kuchipatala. Pa fomu, kapena m'kalata imene angakuuze kuti ulembe, usazungulire. Ulembe chimene chidachitika, mwezi umene chidachitika, ndalama zenizeni zimene zikusowa, ndi tsiku limene zikufunika. Munthu amene walemba kuti "ndili pamavuto aakulu, ndithandizeni" amavuta kumuthandiza kusiyana ndi amene wasonyeza kuti chatsala ndi chakuti, ndipo akapanda kulipira pofika tsiku lakuti salowa m'chipinda cha mayeso. Osawonjezera bodza ngakhale pang'ono. Akakugwira ndi bodza limodzi, zoona zonse zimene wanena zimaoneka zabodza, ndipo ungathe kulangidwa nalo.

Usanasaine chilichonse ufunse ngati ndalamazo ndi mphatso kapena ngongole yodzabweza, ndipo ngati ndi ngongole, idzayamba kubwezedwa liti komanso ili ndi chiwongola dzanja kapena ayi. Ufunsenso ngati kulandira thandizoli kungasokoneze thandizo lina limene uli nalo kale. Usadabwe akakuuza kuti ndalamazo suzigwira m'manja. Nthawi zambiri amaziika okha ku akaunti yako ya fizi kapena kulipira kumene kuli ngongoleko.

Upite sabata ino. Thumba lotere silikhala lakuya, ndipo opempha amachuluka mayeso akayandikira. Komiti yoona mapempho nayonso imafuna masiku kuti ikumane. Amene amafika kutatsala tsiku limodzi kuti kulembetsa kutsekedwe amabwerera ali wokhumudwa, ngakhale nkhani yake ikhale yomveka.

Akhoza kukukaniza, kapena kukupatsa zosakwanira. Zikatero usapse mtima, ufunse chifukwa chake ndiponso ngati pali mwayi wochita apilo. Kenako upite ku ofesi ya zachuma ukapemphe kulipira pang'onopang'ono, ndipo mgwirizanowo ulembedwe. Mkulu wa dipatimenti yako kapena mphunzitsi amene amakudziwa bwino angathe kukulembera kalata yokuikira umboni, ndipo bungwe la ophunzira limadziwa zitseko zina zimene iwe sunazimve, monga thandizo la anthu amene adaphunzira pomwepo kale. Zonsezi zikakanika, pamenepo mpamene tingakambe zopuma kaye, koma mwalamulo, utalemba kalata ndipo sukulu itakuyankha kuti malo ako asungidwa mpaka nthawi yakuti. Wongosowa osatsanzika amalembedwa kuti sadalembe mayeso kapena walephera, ngongole yake imatsala m'mabuku, ndipo pofuna kubwerera amapeza dzina lake lidachotsedwa kalekale. Ganyu amene ukumuganizirayo amayamba ngati wa miyezi iwiri, kenako zaka zimangodutsa.

Chinthu chimodzi ndikukuletsa kwamtuwagalu: katapila, pamodzi ndi ngongole za pa foni zimene zimatuluka m'mphindi zochepa. Chiwongola dzanja chake chimakula msanga kuposa mmene wophunzira angapezere ndalama, ndipo umatha kukongola kwina kuti ubweze kwina. Ena amakulanda laputopu kapena chiphaso ngati chikole, zinthu zomwezo zimene ukufuna kuti umalize sukulu. Wina akakulonjeza kuti akupezera thandizo la sukulu ukayamba wamupatsa kangachepe, umuthawe. Thandizo lenileni salipiritsa polipempha.

Ifenso kuno sitinakhale manja lende. Ndalankhula ndi amalume ako ndipo alonjeza kuikapo kenakake kumapeto kwa mwezi, choncho pa fomu ulembe kuti banja lilipira gawo lina, chifukwa zimenezo ndi zoona ndipo zimaonetsa kuti sitikuwasiyira katundu yense. Kalata ya kuntchito ndi malisiti a kuchipatala mlongo wako ajambula mawa n'kukutumizira pa WhatsApp, ukasindikize. Ukatuluka mu ofesimo undiimbire, undiuze dzina la udindo wa amene waonana naye ndi tsiku limene akuuza kuti ukamve yankho. Akafuna kumva kuchokera kwa kholo, uwapatse nambala yanga, ndilankhula nawo ndekha.

Mayi ako akupereka moni, ndipo akuti uzigona mokwanira.

Ndine,
Bambo ako