Timadontho ta m'Baibulo la Chiheberi

Bwanawe,

Ndikhulupirira kuti chisanu cha ku Johannesburg sichinakugwetse. Kuno tili bwino, chimanga talowetsa m'nkhokwe.

Unandifunsa kuti Chiheberi chikundivuta pati. Kuwerenga kuchokera kumanja kupita kumanzere si nkhani, munthu amazolowera msanga. Pagona nkhani ndi pa malembo a liwu. Mawu ambiri amaphuka pa muzu wa malembo atatu opanda liwu, ndipo a liwuwo ndi amene amakuuza kuti uyu ndi mneni, ili ndi dzina. Tenga m-l-k: malak ndiye kuti analamulira, melek ndi mfumu, malkah ndi mfumukazi. Ife tikafuna kusintha mneni timalumikiza kumapeto: lemba, lembedwa, lembetsa. Iwo nthawi zambiri amasintha m'kati mwenimwenimo: katab analemba, koteb wolemba, katub cholembedwa. Misintho ikuluikulu ya aneni ilipo 7, ndipo aphunzitsi amafuna yonse pamtima.

Maina ngati melek ndiwo amandisangalatsa. Ukati "mfumu yanga" limasanduka malki. Sefer, buku, limakhala sifri. Akatswiri amati kalekale mawuwa anali malk ndi sifr, kenaka pakamwa panalowetsa "e" kuti malembo awiri omalizawo asagundane. Ukawonjezera "yanga", mawu akalewo amatulukiranso poyera.

Tsono imva izi. Alembi akale timadontho ndi timizere ta malembo a liwu sankalemba n'komwe. Mipukutu yakale ya Malemba imene inapezeka ku Qumran, pafupi ndi Nyanja Yakufa, kuyambira 1947 ilibe timadonthoti. Anadzatiika ndi Amasorete, alembi achiyuda a mumzinda wa Tiberias, makamaka banja la Ben Asher, ndipo Leningrad Codex, buku lolembedwa pamanja lokhala ndi timadontho tawoto, limene Mabaibulo ambiri a Chiheberi amatsatira lero, ndi la cha m'ma 1008.

Ukatsegule Genesis 47:31, uone Yakobo akuwerama kumutu kwa kama. Kenaka Ahebri 11:21: pamenepo watsamira ndodo. Malembo ake ndi omwewo, m-t-h. Amasorete anawerenga mittah, kama. Omasulira m'Chigiriki, amene wolemba Ahebri anawatsatira, anawerenga matteh, ndodo. Ine ndili kumbali ya kama, pakuti pa 48:2 nkhalambayo ikudzilimbitsa n'kukhala tsonga pakama pomwepo. Koma iwe ndi makani akowo udzasankha ndodo, ndikukudziwa.

Undiyankhe msanga, ndimve mbali yako. Upereke moni kwa alamu ndi ana.

Ine mnzako wa kumudzi