Mbande tikudzala, koma njere zake zachokera kuti?

Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani yodzala mitengo. Chaka chilichonse, kuyambira December mpaka April, timamva za kuchuluka kwa mbande zomwe zadzalidwa m'dziko muno. Ndi ntchito yotamandika. Koma funso lomwe limandisowetsa mtendere silifunsidwa: njere za mbandezo zatoledwa pa mitengo ingati, ndipo ya kudera liti?

Mtengo sungazule mizu n'kuthawira kozizira dzuwa likanyanya, komanso sungasinthe chibadwa chomwe unatengera kwa makolo ake. Chomwe chimasintha ndi nkhalango yonse, mbadwo ndi mbadwo. Mitengo ya mtundu umodzi sifanana ayi. Wina mizu yake imazama msanga, wina umayoyola masamba mofulumira kuti usunge madzi, wina tizilombo sitiugonjetsa. Chilala chikabwera, mbande zofooka zimafa, zopirira n'kukula, n'kudzabereka. Mungu wake umatengedwa ndi mphepo kapena njuchi kukafika ku mitengo ina, ndipo mbadwo wotsatira umakhala wolimbirapo. Vuto ndi lakuti mitengo yathu yachilengedwe imatenga zaka zambiri isanayambe kubereka, pomwe nyengo ikusintha ife tikuona. Choncho chomwe nkhalango ingadalire ndi kusiyanasiyana komwe ili nako lero lino. Kukachepa, palibenso posankha.

Taonani zomwe zachitikira mkungudza wa ku Mulanje, womwe unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984. Mwachilengedwe umamera m'phiri la Mulanje mokha, kumtunda kozizira kwa nkhungu. Ocheka matabwa ankayamba ndi mitengo ikuluikulu yowongoka, kutanthauza kuti yabwino kwambiri ndiyo inatsogola kutha. Moto wolusa unkapsereza mbande, ndipo nsabwe za mitengo ya cypress zomwe zinaoneka m'dziko muno mu 1986 zinawonjezera chilonda. Kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha. Zimandipweteka mtima kulemba nambala imeneyi.

Ndikuthokoza a Mulanje Mountain Conservation Trust, a bungwe lofufuza za nkhalango la FRIM ku Zomba, a Botanic Gardens Conservation International ndi anthu a m'midzi yozungulira phirili, omwe afesa ndi kubwezeretsa mbande zoposa 500,000. Njere zambiri zinachokera ku mikungudza yomwe inadzalidwa kale ku Zomba ndi ku Chikangawa. Mwayi wake kuti inalipo. Komabe ndi kachigawo chabe ka zomwe zinali m'phirimo, ndipo kutentha kukamakwera mkungudza ulibe kokwerera, poti kumtunda kwake ndi miyala ya Sapitwa. Ndiye mtengo uliwonse wobereka womwe watsala, kulikonse komwe uli, uyenera kulondedwa ndi kutoledwa njere.

Koma nkhawa yanga yaikulu ili pa mbawa, mlombwa, nsangu ndi masuku, mitengo yomwe timaiona ngati ikadalipo yambiri. M'manazale ambiri a m'midzi, njere zimatoledwa pansi pa mtengo umodzi woyandikira, machubu onse n'kudzaza. Mbande zonsezo ndi ana a mayi mmodzi. Matenda kapena ng'amba ikapeza pofooka pa imodzi, yapeza pa zambiri. Agogo athu posunga mbewu ya chimanga cha makolo sankadalira chitsononkho chimodzi, ankasankha zingapo m'munda monse. Akatswiri a zankhalango nawo amalangiza kutola njere pa mitengo pafupifupi 30 yotalikirana bwino, kuti isakhale yapachibale.

Kudera komwe njere zachokera nakonso n'kofunika. Mitengo ya ku Chikwawa ndi ku Nsanje yakhala ikusefedwa ndi kutentha kwa mibadwo yambiri. Bwanji osayesa kusakaniza njere zake pang'ono ndi za kumadera omwe ayamba kutentha, m'minda yoyeserera kaye, n'kuona zomwe zipirire?

Ndikupempha Dipatimenti ya Zankhalango kuti alangizi ake aziphunzitsa makomiti a m'midzi katoledwe ka njere, osati kathiriridwe kokha. Mabungwe ogula mbande azifunsa komwe njere zinatoledwa asanalipire, ndipo nazale iliyonse izilemba zimenezi m'kaundula. Inunso atolankhani, mukamapita kokhazikitsa nyengo yodzala mitengo chaka chino, mukafunse funso limeneli.

Wokonda nkhalango,
Mulanje