Kalata kwa mnzanga wa ku Nuremberg

Mnzanga wapamtima,

Kalata yako yafika, koma chaka chathunthu n'kulemba tsamba limodzi lokha, iwe! Amayi ako akuti uwaimbire, mlamu wako nayenso akudandaula kuti foni suyankha.

Wafunsa kuti a Nazi, chipani cha Hitler chimene chinkalamula Germany, ankamuzindikira bwanji Myuda, popeza ankalankhula Chijeremani ndi kuvala ngati anzake. Funso limeneli landikhala pamtima. Malamulo amene anakhazikitsidwa mumzinda uliwo pa 15 September 1935 ankanena za "magazi", koma choyezera magaziwo analibe. Ndiye pa 14 November anawonjezera lamulo loti aziwerenga agogo anayi a munthu. Atatu kapena onse akakhala Ayuda, ndiwe Myuda, ngakhale utabatizidwa uli khanda. Akakhala awiri ndiwe Mischling, wosakanikira, koma ukakhala pabanja ndi Myuda kapena uli wa sunagoge, akuponya m'gulu la Ayuda. Nanga gogoyo ankamudziwa ndi chiyani? Chipembedzo chake basi. Motero anthu ankakhamukira kwa abusa ndi ansembe kukafukula m'mabuku a ubatizo zikalata 7 zosonyeza kuti si Ayuda: chawo, za makolo ndi za agogo. Cholembera cha kalaliki chinkagamula moyo wa munthu.

Ukwati wa Myuda ndi Mjeremani unaletsedwa, ndipo mayi wachijeremani wosakwana zaka 45 samaloledwa kugwira ntchito m'nyumba ya Ayuda. Chiletso cha ukwaticho chinagweranso Aromani (mtundu wa anthu umene ena amautcha Majipise) ndi anthu akuda. Mu 1937 ana mazanamazana a ku Rhineland, obadwa kwa asilikali a France ochokera ku Africa, anawachita opaleshoni mokakamiza kuti asadzabereke. Ana akhungu ngati lathuli, mnzanga.

Mu 1938 Myuda aliyense analembetsa chuma choposa mamaki 5,000 (ndalama za ku Germany za nthawiyo), pasipoti anaidinda chilembo J, ndipo kuyambira January 1939 ankawonjezera dzina loti Israel kapena Sara. Masunagoge atatenthedwa usiku wa 9 November 1938, boma linalipiritsa Ayuda omwewo mamaki 1 biliyoni, pogwiritsa ntchito kaundula wa chuma uja.

Ndikudziwa kuti Germany ya lero ndi ina, koma utanena za mafomu ako a chilolezo tulo tandithawa. Amakufunsa zotani? Za agogo ako amafunsa? Undiyankhe msanga.

Magetsi azimanso, kandulo yatsala pang'ono. Za mbuzi za malume ako zija, zimene ndimati ndiyambe nazo, ndidzakuuza m'kalata ina.