Kalata kwa mnzanga: ntchito ya loya wa makampani a ku Korea omanga mafakitale kunja

Wokondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Mwandifunsa za ntchito imene mwana wanu wamkulu waiika pamtima, yokhala loya wa makampani a ku South Korea amene akumanga mafakitale m'mayiko ena. Kalatayi mumupatse aiwerenge yekha. Ambiri akamva za loya amaganiza za khoti, koma loya wotereyu amatha chaka chathunthu osaponda m'bwalo la milandu. Ntchito yake ndi mapepala, ndipo mbali yaikulu imatha njerwa yoyamba isanayalidwe.

Khomo lolowera lili pawiri. Loyamba ndi la eni dziko: kuyambira 2009 ku Korea kuli masukulu 25 a zamalamulo, kumene munthu amaphunzira zaka zitatu atatenga kale digiri ina, kenako n'kulemba mayeso a uloya. Zonse ndi za m'Chikoreya, choncho kwa mwana wathu njira imeneyo ndi yotsekeka. Lachiwiri ndilo lake. Maofesi aakulu a maloya ku Seoul, monga Kim & Chang, Lee & Ko, Bae, Kim & Lee, Shin & Kim ndi Yulchon, amalemba ntchito maloya amene ali ndi chiphaso cha ku New York, California kapena England. Amenewa saimirira munthu m'khoti la ku Korea, koma ndiwo amalemba makontrakiti a Chingerezi ndi kukhala pa tebulo la zokambirana. Akafuna kudzalembetsa payekha ngati Foreign Legal Consultant, mlangizi wa malamulo a mayiko ena, ayenera kukhala atagwira uloya zaka zitatu, ndipo chiphaso chake chikhale cha dziko limene lili pa mgwirizano wa zamalonda ndi Korea, monga Britain kapena America. Chikoreya achiphunzirebe. Kontrakiti imalembedwa m'Chingerezi, koma chiganizo chimamangidwa m'Chikoreya ku likulu, ndipo bwana wamkulu amafuna tsamba limodzi lomuuza ngati asaine kapena ayi.

Ntchito yeniyeni imayambira ku Seoul ndalama zisanachoke. Lamulo la ndalama zakunja, Foreign Exchange Transactions Act, limati kampani yotenga masheya 10 peresenti kapena kuposa m'kampani ya kunja iyambe yadziwitsa banki yake isanatumize ndalama, ndipo pambuyo pake izipereka malipoti. Samsung kapena Hyundai saiwala zimenezi. Amene amagwa nazo ndi makampani ang'onoang'ono opanga zipangizo, amene amatsatira kasitomala wawo wamkulu kulikonse kumene wapita. Amatumiza ndalama mwaphuma, kenako vuto limadzaonekera patapita zaka, tsiku lofuna kubweza phindu kwawo, banki itafunsa mapepala amene kulibe. Palinso lamulo loteteza luso limene boma linaliika m'gulu la chuma cha dziko, monga luso lina lopangira ma semiconductor (tizipangizo toyendetsa makompyuta ndi mafoni), magalasi a mafoni ndi mabatire. Kulitumiza kunja, ngakhale ku fakitale ya kampani yomweyo, kumafuna chilolezo cha unduna wa zamalonda ndi mafakitale ngati boma linathandiza ndi ndalama pa kafukufuku wake, ndipo ngati silinathandize, undunawo uyenerabe kudziwitsidwa. Loya wosafunsa zimenezi poyamba amapezeka kuti nyumba yamangidwa koma zojambula za makina sizingatuluke m'dziko.

Nditenge Vietnam, chifukwa ndi kumene mwana wanu angayambire. Maofesi angapo a maloya a ku Korea ali ndi nthambi ku Hanoi ndi ku Ho Chi Minh City. Samsung inayamba kupanga mafoni ku Bac Ninh mu 2009, kenako inamanga fakitale ina ku Thai Nguyen, LG ili ku Haiphong, ndipo makampani ambirimbiri ang'onoang'ono anawatsatira. Kampani yakunja imafuna ziphaso ziwiri: IRC, yololeza ntchitoyo, ndi ERC, yolembetsa kampani. ERC ikatuluka, ndalama zoyambira ziyenera kulowa pasanathe masiku 90, kudzera mu akaunti yapadera ya ndalama zoterezi. Zikalowa kudzera mu akaunti ina, kudzazitulutsa kumakhala chintchito.

Malo ku Vietnam sagulidwa. Kampani imachita lendi m'dera la mafakitale, nthawi zambiri kwa zaka zosaposa 50, ndipo apa pali msampha umene otsatsa malo satchula msanga: zakazo zimawerengedwa kuyambira pamene mwini dera la mafakitalelo analandira malowo ku boma. Ngati analandira mu 2008, wolowa mu 2025 watsala ndi zaka 33 zokha. Loya afunsenso ngati lendi ya ku boma inalipidwa yonse nthawi imodzi kapena imalipidwa chaka ndi chaka, chifukwa yolipidwa pachaka siilola kuika malowo chikole ku banki, ndipo ngongole yomangira imatha kugwa pomwepo. Makina akale ochoka ku fakitale ya ku Korea kapena ku China nawonso ali ndi malire. Kawirikawiri opitirira zaka 10 salowa. Kenako pali chilolezo cha zachilengedwe, cha zomangamanga, ndi cha ozimitsa moto, chimene chimachedwetsa mafakitale ambiri pamene mapulani ajambulidwa motsatira miyezo ya ku Korea osati ya komweko. Za magetsi, alembe m'kontrakiti kuti mwini dera adzapereka ochuluka bwanji ndi kuti akalephera atani. M'miyezi ya May ndi June 2023 kumpoto kwa Vietnam magetsi ankazimazima, mafakitale a ku Bac Ninh ndi Bac Giang n'kumagwira ntchito mosinthana.

Pamene loyayu amaonekeradi nzeru ndi pa malonjezo a boma. Dziko lililonse lofuna fakitale limanyengerera: msonkho wotsika, malo aulere, msewu, njanji. Funso la loya ndi limodzi: lonjezoli lakhazikika pa lamulo liti, ndipo wolonjezayo akachoka pa mpando lidzatsala? Kampani yopanga galimoto ya Kia inagwirizana ndi boma la chigawo cha Nuevo León ku Mexico mu 2014 kuti imange fakitale ku Pesquería. Chaka chotsatira kunalowa bwanamkubwa wina, Jaime Rodríguez, amene anati zimene mnzake analonjeza zinali zopyola muyezo. Fakitale inali itamangidwa kale, siikanasamuka, ndipo mu 2016 Kia inavomera zocheperapo. Kampani ya zitsulo ya ku Korea ya POSCO inasainirana ndi boma la chigawo cha Odisha ku India mu 2005 za fakitale ya zitsulo ya madola mabiliyoni 12. Anthu a m'midzi ya ku Jagatsinghpur anakana kuchoka m'minda yawo, zilolezo za nkhalango zinakokakoka, ndipo lamulo la migodi litasintha mu 2015 kuti migodi izigulitsidwa pa mpikisano, mgodi wa chitsulo umene kampaniyo inkadalira unachoka m'manja. Mu 2017 inasiya, fakitale isanamangidwe. Chikalata chimene anasainirana chinali chongosonyeza kumvana, ndipo boma la chigawo linalonjeza zinthu zimene mphamvu yake inali ku boma lalikulu ku Delhi ndi kwa eni minda.

Nthawi zina lonjezo silithyoledwa, limangouma lokha. Vietnam inkapatsa makampani aakulu msonkho wa 10 peresenti kwa zaka 15 m'malo mwa 20 peresenti, zaka zinayi zoyamba osalipira kalikonse, zisanu ndi zinayi zotsatira n'kumalipira theka. Kuyambira January 2024, Vietnam ndi Korea zonse zinayamba kutsatira msonkho wa padziko lonse wosatsika 15 peresenti kwa makampani opeza mayuro mamiliyoni 750 kapena kuposa pachaka. Tinene kuti fakitale yapeza phindu la madola mamiliyoni 100 ndipo inkalipira mamiliyoni 5, theka la 10 peresenti ija. Tsopano iwonjezera ndalama zoyandikira mamiliyoni 10, atachotsako pang'ono chifukwa cha malipiro a antchito ndi katundu wa fakitale. N'chifukwa chake masiku ano loya wochenjera amapempha thandizo la ndalama zenizeni, zophunzitsira antchito kapena zomangira, kusiyana ndi kukhululukiridwa msonkho.

Ku America ndalama n'zochuluka, ndipo walira mvula walira matope. Boma la chigawo likapereka malo ndi kuchotsera msonkho, limalemba kuti kampani ilembe antchito angati, pa malipiro otani, pofika chaka chiti, ikalephera imabweza. Loya amalimbana ndi mawu ang'onoang'ono: kodi wolembedwa kudzera m'kampani ina akuwerengedwa? Kodi msika ukagwa nthawi iwonjezedwa? Lamulo la Inflation Reduction Act la mu August 2022 limapereka madola 35 pa kWh iliyonse (muyezo wa mphamvu imene batire imasunga) ya maselo a batire opangidwa ku America. Fakitale yotulutsa 30 GWh (ma kWh mamiliyoni 30) pachaka ikukamba za ndalama zoposa biliyoni imodzi ya madola, ndiye pamene wopanga mabatire wa ku Korea walowa m'kampani imodzi ndi wopanga galimoto, ndime yonena kuti ndalamazo zigawidwe bwanji imakanganitsa kuposa mtengo wa batire. Ndipo lamulo limasintha: kuchotsera kwa madola 7,500 kwa ogula galimoto zamagetsi, kumene kunayenera kufika 2032, kunatha pa 30 September 2025. Amene alandira ndalama za CHIPS Act, lamulo la ku America lothandiza opanga ma semiconductor, amamangidwanso manja kwa zaka 10 pa kukuza mafakitale awo a ku China, chinthu cholemera kwa Samsung, imene ili ndi fakitale yaikulu ku Xi'an.

Nkhani ya maviza mwana wanu aiphunzire ngati katekisimu, ngakhale maloya a zamakampani amakonda kuiona ngati ya ana. Pa 4 September 2025 akuluakulu oona za anthu olowa m'dziko anafika pa malo omanga fakitale ya mabatire ya Hyundai ndi LG Energy Solution ku Ellabell, m'chigawo cha Georgia, n'kugwira anthu pafupifupi 475, oposa 300 mwa iwo a ku Korea. Ambiri anali amisiri a makampani ogwira ntchito za pansi pa kontrakiti, olowa ndi ESTA (chilolezo cholowera ku America kwa nthawi yochepa popanda viza) kapena viza ya B-1. Viza ya B-1 imalola mmisiri kudzaika kapena kukonza makina ogulidwa kunja, pokhapokha kontrakiti yogulira makinawo itanena kuti wogulitsa ndiye adzachite zimenezo, mmisiriyo ali ndi luso lapadera, ndipo sakulipidwa ndi kampani ya ku America. Ntchito yomanga yeniyeni siilola. Angathe kuyang'anira kapena kuphunzitsa basi. Ndiye onani: ufulu wa munthu amene waima pambali pa makina ku Georgia wagona pa ndime ya kontrakiti imene loya wina analemba ku Seoul chaka chapitacho. Maviza a L-1 ndi E-2 amatenga nthawi, H-1B ndi ya mayere, ndipo Korea ilibe gawo lakelake la maviza a akatswiri monga Australia, Singapore ndi Chile. Loya wabwino amafunsa mndandanda wa aliyense wopita, mpaka wa kampani yaing'ono kwambiri, ndi chimene akukagwira ndi manja ake.

Chomaliza chimene makasitomala sakonda kumva pa tsiku la chikondwerero ndi njira yotulukira. Hyundai inaimitsa fakitale yake ya ku St Petersburg ku Russia mu March 2022, ndipo kumapeto kwa 2023 inavomera kuigulitsa pa marubulo 10,000, ndalama zongopitirira pang'ono madola 100, itasunga ufulu woiwombola pasanathe zaka ziwiri. Makampani oposa 120 a ku South Korea anasiya makina awo ku Kaesong, dera la mafakitale la ku North Korea, mu February 2016 pamene boma lawo lomwe linatseka deralo. Zoteteza zilipo koma zimakonzedwa kumwamba kukali koyera: inshuwaransi ya bungwe la boma la Korea la K-SURE, yolipira kampani ngati boma la kumeneko lalanda katundu, kukabuka nkhondo kapena ndalama zikaletsedwa kutuluka, kusankha dziko loikamo kampani yosunga masheya, monga Singapore kapena Netherlands, poona mapangano oteteza chuma ndi a msonkho, pakuti kusamutsa kampaniyo pamene mkangano wayamba kale amkhalapakati sakuvomera, ndi ndime yonena kuti milandu ikaweruzidwe ndi amkhalapakati ku Singapore kapena ku ICC (International Chamber of Commerce, bungwe la zamalonda la padziko lonse), osati m'khoti la kwawo kwa mnzanuyo. Kampani ya anthu awiri ogawana theka ndi theka ikhale ndi njira yomasulira akalephera kumvana: woyamba kugula mnzake ndani, mtengo auwerenga bwanji, ndipo luso limene munabweretsa litsala ndi yani.

Za moyo wa pa ntchitoyi, zaka zoyamba ndi zowerenga mapepala a malo, zilolezo ndi ngongole za makampani ogulidwa, n'kumalemba zimene zapezeka. Seoul ili patsogolo pa Georgia ndi maola 13 kapena 14, choncho misonkhano ya usiku ndi ya tsiku ndi tsiku. Loyayu sanena yekha lamulo la Vietnam kapena la Poland. Amalemba loya wa komweko, koma ayenera kudziwa funso loti amufunse ndi kuzindikira yankho lozemba. Ambiri pakapita zaka amasamukira m'nthambi ya zamalamulo ya kampani imodzi. Ku sukulu asankhe maphunziro a makontrakiti, makampani, msonkho wa pakati pa mayiko ndi a umkhalapakati, aphunzirenso kuwerenga mabuku a ndalama a kampani.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana onse.

Ndine mnzanu wakale.