Dzino limodzi lokha, mwana wanga

Mwana wanga,

Kuno ku Ulongwe tilipo, koma mwendo wa amako uja ukuvutabe. Mbatata takumba, zikungodikira galimoto.

Dalaivala wina wa chapa wandiuza kuti Loweruka ndi Lamulungu sumachoka ku baraka ya mowa ku Moatize, ndipo Lolemba umafika ku oficina maso ali psuu. Ndiye mestre wako azikupatsa injini ya mwini wake kuti umange taimingi, tcheni yogwirizanitsa mavalavu ndi mapistoni, uli ndi matsire? Iwe!

Ntchito imeneyo sifuna mutu wa mowa. Waiwala Hilux ya injini ya 22R tinamasula kuseri kwa nyumba, iwe utandigwirira tochi? Pistoni yoyamba ikhale pamwamba penipeni. Kadontho ka pa giya ya kamushafiti, yotsegula mavalavu ija, kakumane ndi mfundo yowala ya tcheni, kumunsi pa giya ya kirankishafiti, yozunguzidwa ndi mapistoni, chimodzimodzi. Kirankishafiti imazungulira kawiri pamene kamushafiti yazungulira kamodzi, ndiye ukaphonya dzino limodzi lokha mavalavu amatseguka pa nthawi yosakhala yake. Galimoto imangotsokomola, pa chitunda osakwera. Ukaphonya mano angapo, pa injini zambiri pistoni imamenya valavu.

Ine ndinalawako. Chaka chimene unabadwa ndinachezera kachasu, m'mawa n'kukamanga tcheni manja akunjenjemera. Kupukusa ndi dzanja ndinaona ngati kuchedwa. Nditangoliza, kho! Mavalavu anayi opindika. Ng'ombe yathu yamathotho ija inapita kukalipira, amako osandiyankhula mpaka mvula inagwa. Ukufuna nawenso ugulitse chiyani, poti ulibe ndi nkhuku yomwe?

Usalize injini usanaipukuse ndi sipana maulendo awiri athunthu. Ikalimba penapake usakakamize, masula uonenso. Ukatha kupukusa yang'ana zizindikiro za pa magiya, mfundo zowala zija zimakhala zitasuntha, zisakusokoneze. Tenshona yokunga tcheni ndi magayidi oiwongolera zikakhala zakutha sintha, mwini galimoto alire bwanji kuti ndalama palibe, chifukwa tcheni ikadumpha adzatchula dzina lako.

Manja uli nawo abwino kuposa anga, ichi sindibisa. Ndikudziwanso kuti kumeneko dzuwa limaotcha, kukhosi kumauma. Imwa maheu. Anzako akukugulirawo injini ikaphwanyika sudzawaona. Mowa siya, wamva? Amako sindinawauze, usandikakamize kutero.

Pa Khirisimasi ubwere, ndipo sipana yanga ya 19 unatenga ija usaiiwale.

Ndine bambo ako.