Mankhwala ophera tizilombo: mkaka, kuchedwa ndi kuperewera kwa atropine zikupha anthu

A Mkonzi,

Dzinja likangoyamba, nkhani za anthu omwe afa ndi mankhwala a m'munda kapena tameki sizisowa m'nyuzipepala ndi pa wailesi. Zonse zimalembedwa mofanana: munthu anamwa kapena anapuma mankhwala, anathamangira naye kuchipatala, anamwalira, apolisi atsimikiza. Chimene sichilembedwa n'chakuti ambiri mwa anthuwa akanapulumuka. Ndipatseniko danga ndifotokoze pamene zinthu zimalakwika, kuyambira pakhomo mpaka mu wodi.

Mitsempha ya m'thupi imatumizirana uthenga kudzera m'kamadzi kotchedwa acetylcholine. Kakangopereka uthengawo, pali enzyme (kachinthu ka m'thupi kofulumizitsa kusintha kwa zinthu) yotchedwa acetylcholinesterase imene imakaphwanya nthawi yomweyo kuti mtsempha upume. Mankhwala a gulu la organophosphate, monga chlorpyrifos amene alimi amapopera ntchemberezandonda, dimethoate wa m'thonje ndi m'madimba, komanso pirimiphos-methyl wa mu Actellic, amaimanga enzyme imeneyi. Tameki, amene dzina lake lenileni ndi aldicarb, ndi wa gulu lina la carbamate, koma amachita zomwezo. Enzyme ikamangidwa, uthenga suleka, zimakhala ngati mpopi umene chotsekera chake chathyoka. Munthu amatuluka dovu, thukuta ndi misozi, amasanza, amatsegula m'mimba, amadzikodzera, mwanadiso amachepa kwambiri, minofu imadikulika, mtima umagunda pang'onopang'ono. Koma chimene chimamupha ndi kupuma: mapapo amadzaza ndi madzi a m'thupi mwake momwe, timinofu topumira timafooka, ndipo ubongo umasiya kulamula kupuma. Poizoni wankhondo wa sarin ndi wa banja lomweli. Anapezeka ku Germany mu 1938, pamene Gerhard Schrader ndi anzake ankafufuza mankhwala ophera tizilombo.

Cholakwika choyamba chimachitikira pakhomo. Anthu amathamangira mkaka, mafuta ophikira, madzi amchere kapena a sopo, ati kuti wodwala asanze. Munthu amene wayamba kukomoka satha kumeza bwino, ndiye zimene mukumuthirazo ndi masanzi ake zimalowera kumapapo. Mankhwala ambiri a m'botolo amasungunulidwa m'mafuta onga parafini, ndipo mafuta amenewo akafika m'mapapo amawatentha. Ngakhale makala a kuchipatala, amene amakonzedwa mwapadera kuti azimata poizoni, anayesedwa ku Sri Lanka pa odwala oposa 4,600, ndipo zotsatira zimene Michael Eddleston ndi anzake anatulutsa mu 2008 zinaonetsa kuti sanachepetse imfa. Nanji makala a pambaula osinjidwa m'kapu.

Zoyenera kuchita n'zochepa. Muvuleni zovala zonse zimene zanyowa ndi mankhwala, mumusambitse ndi sopo ndi madzi ambiri, inu mutavala magolovesi kapena majumbo m'manja. Mugonekeni chammbali kumanzere, mutu uli motsikirapo pang'ono kuti dovu lizitulukira panja. Musamupatse chilichonse pakamwa. Tengani botolo kapena kapepala ka mankhwalawo, n'kunyamuka nthawi yomweyo. Panjinga kapena m'galimoto, musamukhazike chotsamira chagada.

Cholakwika chachiwiri n'cha ife azaumoyo, ndipo apa ndikhalitsepo. Mankhwala opulumutsa moyo ndi atropine, otchipa komanso opezeka. Vuto n'lakuti amaperekedwa mwamantha, kabotolo kamodzi, kenako n'kudikira theka la ola. Njira imene Eddleston, wa pa yunivesite ya Edinburgh, ndi anzake a ku Asia anailimbikitsa n'njowirikiza. Munthu wamkulu amayamba ndi mamiligalamu 1 mpaka 3 kudzera mumtsempha wamagazi, pamodzi ndi okosijeni ndi diripi. Pakatha mphindi 5 mumamuyeza. Ngati palibe kusintha, mumapereka mlingo wowirikiza kawiri woyamba uja, pakatha mphindi zina 5 mumawirikizanso, mpaka m'chifuwa musamamvekenso kusokosera kwa madzi, mtima uzigunda kupitirira 80 pa mphindi, ndipo nambala yapamwamba ya BP ipose 80. Musadikire kuti mwanadiso akule, chifukwa amachedwa kusintha, ndipo amene amayang'ana maso okha amapitiriza mlingo. Wodwala akakhazikika, mumawerengera atropine yense amene mwapereka, n'kumapereka magawo 10 mpaka 20 pa 100 aliwonse a chiwerengerocho ola lililonse kudzera mu diripi.

Ku Chittagong, m'dziko la Bangladesh, anayerekeza njira ziwirizi pa odwala 156, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2012. Njira yowirikiza inkakhazikitsa wodwala m'mphindi pafupifupi 24, pamene yakale inkatenga mphindi zoposa 150. Imfa zinali 8 pa 100 aliwonse poyerekeza ndi 22.5.

Tawerengani nokha tanthauzo lake kusitolo ya mankhwala. Mukapereka 2, kenako 4, 8 ndi 16, mwafika mamiligalamu 30 pasanathe mphindi 20. Ngati timabotolo tanu n'ta mamiligalamu 0.6, amenewo ndi timabotolo 50 pa munthu mmodzi, diripi isanayambe. Chipatala chaching'ono chimene chili ndi timabotolo 10 m'kabati chimaganiza kuti atropine ulipo, pamene kunena zoona palibe. Pamafunikanso munthu wachiwiri ntchito yake yongothyola timabotolo ndi kudzaza masirinji, apo ayi mphindi 5 zija zimasanduka 15. Atropine akapitirira nayenso amavuta: wodwala amabalalika mutu, thupi limatentha, m'mimba mumakhala zii, mkodzo umatsekeka. Zikatero mumaimitsa diripi kwa kanthawi, n'kudzayambiranso ndi mlingo wocheperapo. Za pralidoxime, mankhwala ena amene cholinga chake n'kumasula enzyme ija, musadandaule nazo kwambiri akasowa. Kafukufuku wa mu 2009 ku Sri Lanka sanapeze kuti amachepetsa imfa, ndipo pa tameki safunika kwenikweni, popeza enzyme imamasuka yokha mofulumirirapo.

Pali msampha wina umene umagwira ngakhale madokotala odziwa. Wodwala wa organophosphate amatha kutsitsimuka, kulankhula bwinobwino, kupempha phala, abale n'kuyamba kulongedza. Pakati pa maola 24 ndi 96, minofu ya m'khosi, ya m'mapewa ndi yopumira imatha kufooka mwadzidzidzi, munthuyo ali maso. Vutoli anafotokoza ndi madokotala awiri a ku Sri Lanka, Senanayake ndi Karalliedde, mu 1987. Atropine salithetsa, chofunika ndi makina othandizira kupuma. Kuliona msanga sikulira chipangizo: wodwala ali chigonere, ikani dzanja pachipumi pake, muuzeni adzutse mutu. Akalephera, mutumizeni komwe kuli makinawo asanayambe kubanika. Ziyesedwe kangapo pa tsiku kwa masiku anayi. Ena patapita sabata imodzi mpaka zitatu amayamba dzanzi ndi kufooka miyendo, ndipo ayenera kuuzidwa zimenezi potuluka, kuti asakathere ndalama kwa asing'anga.

Tsono za ubongo. Acetylcholine yemweyu ndi amene amathandiza kukumbukira ndi kutchera khutu. Mu 1976 Peter Davies ndi A. J. F. Maloney anaonetsa kuti ubongo wa odwala Alzheimer, matenda oiwalaiwala, umasowa kwambiri enzyme yopanga acetylcholine. N'chifukwa chake donepezil, mankhwala a matenda oiwalaiwala amene anavomerezedwa ku America mu 1996, amagwira ntchito pomanga enzyme yomwe ija imene mankhwala a m'munda amamanga, kungoti mofatsa ndi mosakhalitsa. Amayamba ndi mamiligalamu 5 pa tsiku, kenako 10 pakatha masabata 4 mpaka 6. Sachiza, amangochepetsako zizindikiro, ndipo zovuta zake ndi nseru, kutsegula m'mimba ndi kuchedwa kwa mtima. Apa ndipatukeko pang'ono: mankhwala odziwika monga amitriptyline, Piriton, promethazine ndi Artane amatseka njira ya acetylcholine, motero angathe kusokoneza mutu. Gogo amene wayamba kusokonekera mutu, ayambe waonetsa dokotala mankhwala onse amene akumwa, anthu asanayambe kumuloza zala kuti ndi mfiti.

Wina angaganize kuti ndiye kupuma mankhwala a m'munda pang'onopang'ono kungathandize kukumbukira. Ayi ndithu. Sarah Mackenzie Ross wa ku University College London anasonkhanitsa mu 2013 kafukufuku 14 wa anthu oposa 1,600, ndipo anapeza kuti amene amakhudzana ndi organophosphate kwa zaka, ngakhale asanadwalepo mwadzidzidzi, amatsika pa kukumbukira, kuganiza mofulumira ndi kugwiritsa ntchito manja. Ku New York, Virginia Rauh anapeza kuti ana amene amayi awo anakhudzana kwambiri ndi chlorpyrifos ali oyembekezera ankachita mofooka pa mayeso a nzeru ndi kukumbukira atafika zaka 7. Mayiko a European Union analetsa chlorpyrifos mu 2020. Kuno amapopera munthu atavala kabudula, sipuleya ikudontha kumsana tsiku lonse, mankhwala atatakasa ndi dzanja, kabowo ka sipuleya kakatseka n'kukauzira ndi pakamwa. Khungu limayamwa mankhwalawa, makamaka lili ndi thukuta. Kupopera kuchitike m'mamawa kapena madzulo, mphepo ikuchokera kumsana, thupi lonse litaphimbidwa, ndipo amayi oyembekezera ndi ana asayandikire, ngakhale kuchapa zovala zake.

Pomaliza, za malamulo. Ambiri amanena kuti yankho n'kuphunzitsa anthu kusunga mankhwala pamalo okhoma. Ku Sri Lanka anayesa kugawa mabokosi okhala ndi loko m'makomo ambirimbiri, ndipo zotsatira za mu 2017 zinaonetsa kuti sizinasinthe kanthu. Chimene chinathandiza n'kuchotsa pamsika mankhwala oopsetsetsa: amene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linawaika m'gulu loyamba pa kuopsa mu 1995, endosulfan mu 1998, kenako dimethoate, fenthion ndi paraquat pakati pa 2008 ndi 2011. Imfa zodzipha zinatsika ndi pafupifupi 70 pa 100 aliwonse m'zaka 20, ndipo zokolola sizinagwe. Chifukwa chake n'chakuti ambiri amene amamwa mankhwala amatero m'kanthawi kochepa ka mkwiyo kapena kutaya mtima, ndipo akapulumuka n'kupeza womumvetsera, ambiri sabwerezanso.

Pempho langa kwa a Pesticides Control Board, bungwe loyang'anira mankhwala ophera tizilombo, n'lakuti aziyendera misika, mmene tameki amagulitsidwa m'timapepala topanda dzina pafupi ndi tomato, komanso aunikenso mankhwala amene mayiko ena anawaletsa kale. A Unduna wa Zaumoyo aonetsetse kuti chipatala chaching'ono chilichonse chili ndi atropine wokwanira odwala awiri mvula isanagwe, ndipo ndondomeko yowirikiza ija imatidwe pakhoma la chipinda cholandirira odwala mwadzidzidzi.

Ndine wowerenga nyuzipepala yanu, wogwira ntchito zaumoyo.