Amene watopa kusaka ntchito naye ndi lova

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa ziwerengero za ulova. Mlamu wanga ku Mangochi amakonda kundiseka kuti, "Alamu, mukutani ku Joni? Ku Malawi malova ndi 5 okha mwa anthu 100 alionse, kwanuko apitirira 30." Manambalawo sanapeke yekha, koma tiyeni tione mmene amawapezera.

Kuno ku South Africa bungwe la boma loona za ziwerengero la Stats SA limachita kafukufuku wa ulova miyezi itatu iliyonse kuyambira chaka cha 2008, ndipo limafunsa makomo pafupifupi 30,000. Funso lake ndi lakuti, kodi sabata yathayi munagwirako ntchito yolipidwa, ngakhale ola limodzi? Mukangoti inde, basi, ndinu wapantchito. Ine amene ndimaima pamsewu ku Randburg ndi chikatoni cholembedwa kuti ndimapenta nyumba, bwana akanditenga Lachiwiri lokha, m'buku mwawo sindine lova sabata imeneyo, ngakhale lendi ikundidikira.

Chimene chimandiwawa ndi china. Kuti akuwerengeni ngati lova, muyenera kukhala kuti munasakako ntchito m'masabata anayi apitawo. Nanga kusaka ntchito n'kwaulere? Kuchoka ku Diepsloot kumene ndimakhala kupita m'tauni ndi kubwerako pa takisi, ndalama ya ufa yatha. Mnansi wanga, mbadwa ya konkuno, anayenda ndi makalata ake mpaka nsapato kutha, kenako anangogwa mphwayi n'kukhala pansi. Iyeyo pa nambala imene imalengezedwa pa wailesi palibepo. Amapezeka pa nambala yachiwiri, yophatikiza otaya mtima, imene kwa zaka zingapo tsopano yakhala pamwamba pa 40.

Ndipo musamangoona za miyezi itatu. Nambala ikatsika pang'ono andale amaomba m'manja, chonsecho mu 2008 ulova unali cha m'ma 23, kumapeto kwa 2021 unafika 35.3, ndipo chichokereni mliri wa Covid sunabwerere pamene unali kale. Mu 2025 mkulu wa banki ya Capitec, a Gerrie Fourie, ananena kuti ulova weniweni uli pafupi ndi 10 chifukwa ogulitsa m'misewu sawerengedwa ngati apantchito. Mkulu wa Stats SA, a Risenga Maluleke, anawayankha kuti anthu amenewo amawerengedwa kale. Pamenepo ine ndili mbali ya a Maluleke, poti mayi wogulitsa tomato ku Yeoville ola limodzi lija amalikwanitsa dzuwa lisanakwere.

Tsono kwathu nambala ichepa bwanji? Munthu wa ku Malawi sangakhale manja lende. Akapanda kupalira munda wa mnzake kapena kusenza katundu pamsika, agona ndi njala, ndiye ganyu yemweyo amamuchotsa pagulu la malova.

Pempho langa kwa inu akonzi ndi lakuti mukamalemba za ulova muziika manambala onse awiri, ndi a zaka khumi zapitazo pambali pake, kuti mlamu wanga aleke kundiseka.

Ine wowerenga wanu,
Wopenta nyumba wa ku Diepsloot, Johannesburg